Sukulu ya kagalu: kwa mphunzitsi, pagulu, pafoni kapena kwa galu mnzake?

Kagalu kathu kanafika pa Ulongwe pano, ku Angonia m'dziko la Mozambique, kali m'katoni ya sopo, kumbuyo kwa njinga yamoto yochokera ku Domwe. Ana anakatcha Asiyeni, dzina loti aneba akalimva adziwe okha kuti tikunena iwo. Pasanathe milungu itatu kanali katakukuta patapata wa amayi a kunyumba, katakodzera pamphasa ya agogo kawiri, ndipo tsiku lina kanathamangitsa anapiye a kuseri kwa mpanda mpaka mmodzi kufa. Mwanapiyeyo ndinalipira, koma mawu amene mwini wake anasiya pageti ndi amene anandisowetsa tulo: "Achimwene, lero ndi mwanapiye. Mawa ikakhala mbuzi tikakumana kwa amfumu."

Kuyambira pamenepo aliyense anasanduka mlangizi. Alamu anga a ku Moatize anati ndikatumize kwa mphunzitsi wa kumeneko kakakhale mwezi wathunthu. Mlonda wa pasitolo ina anati agalu amawadziwa, azibwera madzulo. Mwana wanga wamkulu anati zonse zili pa YouTube. Amalume anangoseka, amvekere galu saphunzitsidwa ndi munthu, amaphunzitsidwa ndi galu mnzake. Njira zonsezi ndaziona ndi maso, zina pa Asiyeni, zina pa agalu a abale, ndipo kusiyana kwake kwagona pa funso limodzi: pamene galu akuphunzira, mwini wake ali kuti?

Tisanafike kumeneko, pali nkhani ya msinkhu imene imadula njira zina isanayambe n'komwe. Kagalu kali ndi nyengo yake yozolowera dziko, kuyambira pa milungu 3 kufika cha pa milungu 12 kapena 14. Chimene kakumana nacho m'nyengo imeneyi osaopsezedwa, kaya ndi mwana wokwawa, mbuzi, njinga yamoto, kaya agogo oyenda ndi ndodo, kamachitenga ngati chinthu wamba. Chimene sikanachione kamadzachiopa kakakula, ndipo galu wamantha ndiye amene amaluma. Sibwinonso kukachotsa kwa make kasanakwane milungu 8, chifukwa kuluma mosapweteka kamaphunzira posewera ndi tinzake: kakaluma kwambiri, kanzake kamalira n'kusiya masewera. Ambiri kuno timatola tiagalu ta mwezi umodzi poopa kuti wina atitsogola, kenaka n'kumadabwa kuti bwanji kakuluma ana mpaka kutuluka magazi.

Tsoka lake, nyengo yomweyi ndi imene kagalu sikanatetezeke ku matenda. Parvo, nthenda ija kagalu kamasanza n'kumatsekula zamagazi zonunkha, kachilombo kake kamatha miyezi yambiri kali m'dothi. Katemera woyamba amabaya pa milungu 6 mpaka 8, n'kumabwereza pakapita milungu 3 kapena 4 mpaka kagalu katakwana milungu 16. Wa chiwewe amabaya pa miyezi 3. Choncho malo alionse amene agalu amasonkhana, kaya ndi kalasi kaya khola la mphunzitsi, ngati palibe wakufunsani kadi ya katemera pakhomo, dziwani kuti anzanu enawonso sanafunsidwe. Tembenukani.

Kumusiya kwa mphunzitsi mwezi wathunthu

Njira iyi ndi imene imakoma m'makutu, makamaka kwa munthu wa pantchito. Upereka ndalama, upereka galu, pakatha mwezi ukatenga galu womvera, ngati mmene umasiyira wailesi kwa okonza. Alamu anga anachita zimenezi ndi Leão, galu wawo wosakanizika ndi mtundu uja amati pastor alemão, ali ndi miyezi 4. Ndalama zimene analipira kwathu kuno munthu akanagula nazo feteleza wa munda wa mbatatesi.

Tsiku lokatenga ndinalipo. Mphunzitsi anaima njo, n'kuti "senta!" galu pansi khale. "Deita!" galu gone. "Fica!" munthu n'kupita mpaka kugeti galu osasuntha. Tonse tinawomba m'manja. Patatha mlungu umodzi alamu anandiimbira foni kuti Leão sakumvera aliyense pakhomo, ndipo akangokweza dzanja kuti adzikande kumutu, galu akugwa pansi n'kudzikodzera. M'makutu munali nkhupakupa zodzaza.

Alamu anaganiza kuti anawabera. Mbali ina inde, koma mbali ina n'chikhalidwe cha galu. Galu akaphunzira chinthu, amachimangirira ku munthu amene wamuphunzitsa, ku mawu ake, ku kaimidwe kake, ndi ku bwalo limene anaphunzirira. "Senta" wa bambo uja pabwalo lake ndi "senta" wa alamu pakhonde lawo, kwa Leão zinali zinthu ziwiri. Pamafunika kubwereza phunziro ndi anthu a pakhomo, pamalo osiyanasiyana, kuti galu adziwe kuti mawuwo ndi amodzi kulikonse. Mwezi wonse uja anaphunzira ndi galu, alamu sanaphunzire kanthu. Za kugwa pansi dzanja likakwezedwa, zimenezo zinatiuza zokha mmene phunziro linkayendera geti likatsekedwa.

Sindikunena kuti njirayi n'njopanda ntchito konse. Kwa galu wamkulu amene akufunika luso lapadera, ndipo mphunzitsi ndi wodziwika ntchito zake, itha kuthandiza. Koma musanasiye galu wanu, kaoneni pogona pake. Mu Okutobala ndi Novembala mzinda wa Tete ndi Moatize kumatentha kupitirira madigiri 40, ndipo galu satuluka thukuta ngati ife, amadziziziritsa popuma wefuwefu lilime lili kunja. Kakhola ka malata kopanda mthunzi ndi madzi ndi ng'anjo. Funsani ngati mungabwere tsiku lililonse osapangana. Akakana ponena kuti galu asokonezeka, pali chimene akubisa. Funsaninso kuti pamtengowo pali masiku angati oti adzabwere kwanu kudzaphunzitsa inuyo. Koma kagalu kosakwana miyezi 5 kapena 6, ine ndikuti ayi. Milungu imene kakanazolowera ana anu, nkhuku zanu ndi mawu a agogo, kakathera m'khola la eni, pakati pa agalu achilendo, katemera asanathe.

Mphunzitsi wobwera pakhomo

Apa ndi pamene pali zabwino zambiri komanso zoopsa zambiri, ndiye ndikhalapo pang'ono.

Ubwino wake ndi woonekeratu. Vuto la Asiyeni silinali pabwalo la zamasewera, linali pampanda wa aneba, pamphasa ya agogo, ndi pamene ana akudya mbale zili pansi. Mphunzitsi wobwera kwanu amaona zinthu pamalo pake. Amaonanso inuyo, ndipo nthawi zambiri cholakwika chili pamenepo.

Ambiri mwa anthu amene amadzitcha aphunzitsi a agalu kuno anaphunzirira ntchito kumakampani a ulonda. Luso ali nalo ndithu, osawapeputsa. Koma luso lawolo ndi la galu wamkulu wa ntchito, woyenda ndi mlonda mmodzi, wophunzitsidwa kugwira munthu. Mlonda uja anabwera kwathu kawiri. Tsiku loyamba anafika ndi tcheni chija chimafinya pakhosi galu akakoka. Tsiku lachiwiri anabwera ndi chiguduli cha thumba, n'kumamenya nacho kagalu kumaso kuti kakwiye kalume. Asiyeni anali ndi miyezi 3, mano ake a mkaka asanagwe n'komwe. Ndinamuthokoza bamboyo, ndinamulipira za masiku awiriwo, nkhani n'kuthera pomwepo.

Anandisiyira malangizo amene mwina nanunso munawamvapo: kagalu kazikhala m'khola lamdima usana wonse kasamaone anthu, muchakudya muziika tsabola, ena amati chamba, ena zisa za mavu, kuti kadzakhale kaukali. Zoona, galu wotere amadzaluma. Koma sadziwa kusiyanitsa wakuba ndi mdzukulu amene wabwera kutchuthi, chifukwa onse sanawaonepo. Amene amalumidwa kawirikawiri ndi mwana wopita kukapereka chakudya. Galu wa pakhomo ntchito yake ndi kuuwa kuti mudzuke, ndipo zimenezo agalu ambiri amayamba okha akamakula, popanda tsabola. Galu wozolowera anthu amauwa pamene pali chachilendo chenicheni. Woleredwa mumdima amauwa mwezi, mphepo ndi mthunzi wake, mpaka inu kusiya kudzuka.

Wachiwiri anali mnyamata wina amene anagwirapo ntchito yosamalira agalu ku Lilongwe. Iye anafika chimanjamanja, m'thumba la malaya muli tizidutswa ta kapenta. Anakhala pansi pakhonde osamuitana kagalu, mpaka kanabwera kokha kudzamununkhiza. Kenaka anafunsa kuti, "Kodi amene amakapatsa chakudya ndani?" Tinaloza Chisomo, mtsikana wathu wa zaka 11. "Ndiye wophunzira wanga ndi ameneyu." Chingwe anagwira ndi Chisomo, kapenta anapereka ndi Chisomo, mnyamatayo ankangokonza dzanja la mwana ndi nthawi yoperekera. Pa mphindi khumi Asiyeni anali akukhala pansi pongoona dzanja likukwera pamwamba pa mphuno yake, palibe amene anamukankha matako.

Ena amanyoza njira imeneyi kuti ndi ziphuphu, ati galu azimvera chifukwa choopa. Koma taganizirani makoswe aja a bungwe la APOPO, ophunzitsidwa ku Morogoro ku Tanzania, amene anathandiza kufufuza mabomba okwirira m'dziko lathu lino mpaka boma linalengeza mu 2015 kuti minda ya mabomba yodziwika yatha. Khoswe sungamukwapule kuti agwire ntchito. Amaphunzira ndi kamawu koti "kliki" kotsatiridwa ndi nthochi kapena mtedza, ndipo anthu anaika miyoyo yawo pa mphuno yake. Ngati nthochi inakwanitsa zimenezo, kapenta angalephere kuphunzitsa galu kukhala pansi? Bungwe la madotolo a ziweto oona za khalidwe la nyama ku America, AVSAB, linanenanso poyera mu 2021 kuti agalu aziphunzitsidwa ndi mphotho, chifukwa njira zopweteka zimaonjezera mantha ndi ukali. Chikoti chimaletsa galu kuchita chinthu inu mulipo. Sichimuuza choti achite m'malo mwake.

Poyesa mphunzitsi musamvere pakamwa pake, onse amalankhula bwino. Lipirani tsiku limodzi lokha, muone. Onani chimene watulutsa m'thumba. Onani chimene akuchita kagalu kakalakwitsa: wabwino amabwerera pambuyo n'kufewetsa phunziro, woipa amakweza mawu ndi dzanja. Ndipo koposa zonse onani kagalu. Kakabwera tsiku lachiwiri mphunzitsi ali pageti, kakumuthamangira mchira uli pikupiku, kapena kakukalowa pansi pa nkhokwe? Kagalu kamene kakuyasamula pafupipafupi, kunyambita milomo, kutembenuza nkhope, makutu atagona kumbuyo, sikuti katopa. Kakupempha kuti mukasiye. Ndipo amene akulonjezani kuti pa milungu iwiri galu adzakhala atatheratu, mufunseni ngati mwana wake anamaliza sukulu pa milungu iwiri.

Kuipa kwa njira iyi ndi mtengo, pakuti mukulipira nthawi ya munthu yense panokha, komanso kagalu sikakumana ndi tinzake.

Kalasi ya pagulu

Chimene kalasi imapereka, chimene njira zina sizingapereke, ndi chisokonezo. Kagalu komvera pakhonde lanu kali kokha sikanayesedwe. Kayeseni pamene pali tiagalu tina tinayi, ana akuthamanga, wina akutsegula pepala la chakudya. Kakamva dzina lake pamenepo n'kutembenuka, ndiye kuti kaphunzira. Pagulu mumaphunziranso poona zolakwa za anzanu, ndipo mtengo umatsika chifukwa mphunzitsi mwagawana.

Koma si gulu lililonse la agalu ndi anthu limene lili kalasi. Mukamva kuti wina amaphunzitsa Loweruka pabwalo lakutilakuti, pitani koyamba opanda galu, mukaime pambali. Tiagalu tikhale tochepa, toti mphunzitsi atha kufika kwa aliyense, kwa ine tisapitirire tisanu kapena tisanu n'kamodzi. Tikhale tamsinkhu wofanana: kagalu ka miyezi 3 kakagwetsedwa ndi galu wamkulu wa mtundu wa Boerboel wa chaka chimodzi, phunziro limene katenge ndi loti agalu anzake ndi oopsa, ndipo sikadzaiwala. Pansi pakhale pa simenti potsukika, osati pabwalo la mpira pamene agalu oyendayenda amachita chimbudzi usiku. Masewera azidulidwa pafupipafupi. Kagalu kamanyazi kobisala kumbuyo kwa miyendo ya mbuyake kasakokedwere pakati pa gulu. Ola limodzi lakwana, ndipo mumzinda wa Tete ola limenelo likhale la m'mamawa dzuwa lisanakwere. Ikani kuseri kwa dzanja lanu pa phula kapena simenti. Mukalephera kupirira masekondi asanu, mapazi a kagalu apsa.

Kwa ife a ku Angonia, Tsangano kapena Furancungo, nkhani ya kalasi ya mumzinda imagwa pa mtunda. Kuchoka pa Ulongwe kukafika ku Tete ndi makilomita opitirira 200, ndipo palibe wanzeru amene angakweze kagalu chapa, minibasi zathu zija, mlungu ndi mlungu chifukwa cha ola limodzi. Lilongwe ili pafupi podzera pa Calomue ndi Dedza, koma galu sawoloka malire ngati thumba la tomato, pamafunika zikalata za a zaziweto. Ife tinachita zathu. Tinapezana mabanja atatu a tiagalu tobayidwa katemera, tinatsuka khonde lalikulu la mnzathu wina, n'kumasonkherana kulipira mnyamata uja Loweruka lililonse. Ana ndi amene ankagwira zingwe, ife akuluakulu tili pamipando kuseka. Loweruka lachitatu tinabweretsa dala thadzi m'chitete kuti tiagalu tiphunzire kuyang'ana kumbali.

Kudziphunzitsira ndi foni

Iyi ndiyo yotchipa, mamega okha basi, ndipo zoona zake n'zakuti ngakhale mutasankha njira ina iliyonse, ntchito yaikulu idzachitika pakhomo ndi manja anu. Mphunzitsi amabwera ola limodzi pamlungu, maola enawo kagalu kakuphunzira kwa inu, mufune musafune. Makanema a Chipwitikizi ochokera ku Brazil alipo ambiri. Mukalemba "adestramento positivo filhote" mupeza okwanira chaka.

Mavuto ake ndi atatu, ndipo onse ndinagwamo. Loyamba, foni siikuonani. Mphotho imayenera kufika pakamwa pa kagalu pasanathe sekondi imodzi kapena awiri kuchokera pamene kachita chabwino. Ine ndinkati kagalu kakhala pansi, ndiyambe kupisa m'thumba, pofika potulutsa kapenta kaimirira kale n'kundilumphira. Mlungu wonse ndinkalipira kulumpha osadziwa. Mnyamata uja anaona zimenezi pa mphindi imodzi. Lachiwiri, umalumpha kuchoka kwa mphunzitsi uyu kupita kwa uyo, wina akuti mphotho, wina akuti mugwetse chagada kuti adziwe bwana, kagalu n'kusokonezeka. Sankhani mmodzi wosamenya, mumutsatire mpaka kumapeto. Lachitatu, agalu a m'makanemawo amakhala m'nyumba zosanjikizana za ku São Paulo. Palibe amene angakuuzeni za mbuzi za aneba.

Za nkhuku ndi mbuzi tinachita motere. Kagalu pachingwe chachitali, nkhuku zili patali poti kakuziona koma sikanapenge nazo. Kakangochotsa maso pa nkhuku n'kuyang'ana Chisomo, "eya!" ndi kapenta pomwepo. Mawa kusendera pafupi pang'ono. Kakayamba kukoka, ndiye kuti tafulumira, tibwerere. Zinatitengera milungu ingapo, ndipo m'masiku amenewo Asiyeni sankamasulidwa nkhuku zili pabwalo, chifukwa kuthamangitsa kumodzi kokha kumakoma kuposa kapenta wa mlungu wonse. Zomangirira nkhuku yakufa pakhosi pa galu, zija amanena akuluakulu, zimangonunkhitsa pakhomo.

Musatanganidwe ndi zopereka moni ndi kugubuduka. Kagalu ka kuno kakufunika kudziwa dzina lake, kubwera kakaitanidwa, kusiya chimene kagwira, kuyenda pachingwe osakoka, ndi kulola kugwiridwa makutu, mapazi ndi pakamwa. Chomalizachi mudzachiyamikira tsiku lochotsa nkhupakupa, lofinya mphutsi zija zimalowa pakhungu nthawi ya mvula, kapena a zaziweto a ku SDAE, ofesi ya boma yoona za ulimi ndi ziweto, akabwera ndi katemera wa chiwewe, anzanu akulimbana ndi agalu awo pafumbi. Mphindi zisanu, katatu patsiku, chakudya chisanaperekedwe. Kapenta akhale tizidutswa tating'ono poti ali ndi mchere. Chiwindi cha nkhuku chophika chimagwiranso bwino. Anyezi, chokoleti ndi mafupa ophika a nkhuku, ayi. Ndipo musamaitane galu kuti mumumenye. Mukatero kamodzi, "bwera" wanu wafa.

Pali kanthu kena kamene ndi kathu kuno. Pakhomo limodzi bambo akuti "senta," mwana wa kusukulu ya ku Dedza akuti "sit," agogo akuti "khala pansi iwe!" Galu samva chinenero, amamva kamvekedwe, ndiye kwa iye amenewo ndi malamulo atatu. Khalani pansi monga banja musankhe mawu amodzi pa chinthu chilichonse. Ife tinasankha Chichewa, chifukwa amene amatsala pakhomo usana wonse ndi agogo, ndipo sitikanawayambitsa Chipwitikizi pamsinkhu wawo chifukwa cha galu. Mphunzitsi amene akuumirira kuti galu amamva Chingerezi chokha akufuna kuti muzimudalira iyeyo.

Njira ya amalume

Ndinawaseka amalume, koma anali ndi mfundo. Pitani kudambo lililonse kuno ku Angonia mukaone agalu oyenda ndi anyamata oweta ng'ombe. Agalu achikuda, owonda, makutu ali tcherutcheru, opanda chingwe, opanda kalasi. Sathamangitsa ana a ng'ombe, samenyana pachabe, likhweru limodzi abwera. Amenewa ndi agalu omvera kuposa ambiri a m'mipanda ya m'tauni. Chinsinsi chake si mankhwala. Amakhala ndi mbuyawo usana wonse kuyambira ali aang'ono, amagawana naye chimanga chootcha, ndipo amatsatira galu wamkulu amene akudziwa kale malire. Paja galu wamkota sakandira pachabe, ndipo kagalu kamaona pamene wakanda.

Koma mkota yemweyo ngati ali wakuba mazira, wophunzira wake adzabanso mazira. Ndipo kumasula kagalu kuti kaziyenda ndi gulu la m'mudzi n'kukapereka ku parvo ndi chiwewe. Chiwewe si nkhani yoseweretsa: bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati chimapha anthu pafupifupi 59,000 pachaka, ambiri mu Africa ndi Asia, pafupifupi onse atachitenga kwa galu, ndipo anayi mwa khumi alionse ndi ana osakwana zaka 15. Zizindikiro zikayamba palibe mankhwala. Munthu akalumidwa kapena kukandidwa, tsukani bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenaka kuchipatala tsiku lomwelo, osadikira kuti muone ngati galu apenga. Choncho njira ya amalume itengeni theka. Pezani galu wamkulu mmodzi wofatsa, wobayidwa katemera, wa munthu amene mukumudziwa, aziyendera kagalu kanu m'kati mwa mpanda. Adzakaphunzitsa ulemu wa pakati pa agalu umene inu simungathe, monga kudziwa kuti mnzako akadzuma ndiye kuti masewera atha.

Mutandifunsa kuti ndichite chiyani, yankho langa likutengera kumene muli. Wa mumzinda wa Tete kapena Moatize amene wapeza kalasi yaing'ono yofunsa makadi, alowe, koma apite ndi munthu amene amadyetsa galu, kaya ndi mwana kaya wantchito wa pakhomo, osati bwana yekha amene amamuona galu Lamulungu. Wa kumaboma akutali ayambe yekha ndi foni tsiku lomwe kagalu kafika, ndipo ndalama zochepa zimene ali nazo azisungire masiku atatu kapena anayi a mphunzitsi wabwino wodzakonza manja ake. Ndalama zikavuta, zoyamba zipite ku katemera ndi mankhwala a njoka zam'mimba, sukulu pambuyo. Njira ya kumusiya mwezi ndaiika pansi penipeni, ngakhale ndiyo yodula kuposa zonse.

Konzekeraninso kuti cha pa miyezi 6 mpaka chaka kagalu kadzachita ngati kaiwala zonse. Mano atsopano atuluka, thupi lakula, makutu atseka ngati a mnyamata wotha msinkhu. Apa ndi pamene ambiri amataya mtima n'kukagula tcheni. Ife tinabwerera ku chingwe chachitali ndi kapenta ngati tikuyamba kumene, ndipo zinadutsa.

Asiyeni tsopano ali ndi miyezi 9. Akadali ndi mlandu umodzi wa nsomba youma ya chikowa imene anachotsa pamoto amayi atalowa m'nyumba kukatenga mchere, ndipo patapata saikidwabe pakhonde. Koma dzana thadzi la aneba aja linalowa pampanda ndi anapiye asanu n'awiri, n'kudutsa pamphuno pake penipeni. Iye anadzuka, anawayang'ana, kenaka anapita kukaima pamaso pa Chisomo kudikira malipiro ake. Mwini nkhuku anaona zonse ali pachitsa. Madzulo anabwera kudzafunsa ngati Loweruka likubwerali pakhonde paja pangapezeke malo a kagalu kamene mlongo wawo akuwabweretsera kuchokera ku Tsangano. Ndinawauza kuti ayambe aonetsa kadi.